Khadi Lopanda Dzina

Ku Sanok dzuwa la Disembala silicheza,
folo koloko isanakwane mawindo ada kale bii.
Ndaweruka ku fakitale ya mabasi, manja akununkha girisi,
ndapeza tebulo la kukhitchini lakwiririka:
mapepala, ulusi wofiira, mapesi a tirigu,
guluu atatayikira pa nyuzipepala ya dzulo.

Rozalia, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye kapitawo.
Ignacy ntchito yake n'kumata,
ndipo wadzimata kale tsitsi.
Sizasi yathu ndi yobuntha,
sidula pepala, imangolitafuna.

Tikumanga nyenyezi za mapesi.
Mapesi anayi mopingasa, ulusi pakati, mfundo ziwiri.
Yanga yatuluka yopendekeka.
Bożena akuseka ali ku chitofu:
anzeru a kum'mawa akanatsata imeneyo
bwenzi mpaka lero akufunsa njira.

Pansi pa nsalu yoyera tayala udzu wouma pang'ono.
Ignacy akuti, wa chiyani?
Ndikuti, Mwanayo anagona pa wotere
chifukwa khomo lililonse linati malo atha.
Akusisita nsalu ndi kadzanja, akumva kubaya.
Sakufunsanso.

Kenako makhadi a mayina.
Amayi. Ababa. Ignacy, wolembedwa ndi g woyang'ana kumbuyo.
Lachisanu latsala loyera,
la mpando umene timasiya chaka ndi chaka,
mbale, supuni, kapu,
kudikira wapaulendo amene sanagogodepo.

Ndilembe ndani?
Usalembe, mwanangu. Dzina amabwera nalo yekha.

Apo Ignacy wagwetsa chitini cha mabatani,
ndipo pansi pa mapazi athu tamva
gu! gu! gu!
Ndi Mayi Kurdziel a nyumba yapansi,
mpini wa tsache ukulankhula ndi denga lawo.
Zaka zisanu ndi chimodzi tikupatsana moni wotere.

Rozalia wayang'ana pansi, wayang'ana khadi.
Ababa, amene uja akugogodatu.

Ndinafuna kunena kuti si kugogoda kumeneko.
Ndinafuna kunena kuti mlendo wa mpando uja
amachokera kutali, chipale chili m'mapewa,
ndi munthu amene sanatinenezepo kwa mwini nyumba.
Mawu anakakamira pakhosi ngati munga wa nsomba.
Ndinaphunzitsa ndekha, ndithawira kuti?

Watsika masitepe atavala masokosi okha,
khadi m'dzanja ili, nyenyezi yanga yopendekeka m'dzanja ilo.
Ndinaima pamwamba kumvetsera.
Loko woyamba. Loko wachiwiri. Tcheni.
Kenako zii wautali.

Usiku wa chakudya chija, nyenyezi yoyamba itaoneka,
anabwera, atavala juzi yonunkha m'kabati,
atanyamula masilipasi awo m'pepala.
Sanamwetulire. Anati supu ya bitiruti yachepa mchere.
Anayang'ana angelo athu a m'mphepete zotafunidwa,
napisa m'thumba, natulutsa kasizasi kakuthwa,
ka zaka makumi atatu za utelala.
Pepala linapindidwa kanayi, tseketseke,
ndipo angelo asanu ndi mmodzi anatambasuka
atagwirana manja kuchokera pa mbale ya nsomba mpaka pa kandulo.
Ignacy anaiwala kutseka pakamwa.

Titanyemerana mkate wopyapyala uja,
wanga unanjenjemera pofika kwa iwo.
Anati, ana anu amathamanga ngati akavalo.
Anatinso, chimwalirireni Zenon
ndi phokoso lokhalo limene limandiuza kuti kwacha.

Khadi lija analemba okha, ndi pensulo ya Rozalia,
zilembo zing'onozing'ono zopendekera kumanja: Wanda.
Sindinkadziwa.

Lero ndi Januwale, udzu tinakataya,
angelo ali m'bokosi la nsapato pamwamba pa kabati.
Tsache likadalankhula, sindinama.
Koma likati gu! gu! gu!
Ignacy amagona chafufumimba,
kukamwa pafupi ndi thabwa,
n'kukuwa kuti: Lowani!