Dzina Limene Sunalembe

Elifala, tambala wa aneba asanalire
iwe wadzuka kale,
nyundo paphewa, botolo la madzi m'jumbo,
ulendo wokaswa miyala m'phiri la Soche.
Ine ndimanamizira tulo.
Ndimakumva ukunyamula chitseko pang'ono
kuti chisalire.

Zaka khumi ndi chimodzi ku Makata,
makiyi a mosungira katundu akulira m'chiuno mwako,
malaya ositidwa, cholembera pamtima.
Kenaka Lachinayi lija.
Matumba a simenti makumi anayi
anatuluka pageti usiku,
pepala likuti anaonongeka ndi mvula,
mwezi wa Okutobala, kumwamba kuli mbee.
Pansi pa pepalalo kamzere kakudikira dzina lako.
Anati saina, yako ilipo.
Iwe unabweza cholembera m'thumba.

Witinesi anasaina.
Lero wamanga ku Machinjiri, mpanda mpaka m'mwamba,
mkazi wake amandipatsa moni
galasi la galimoto atatsitsa theka.

Usiku umenewo unandiuza za mtanda,
kuti wotsata Ambuye sausenza kamodzi ngati katundu wa paukwati,
amautola m'mawa uliwonse pomwe anautula dzulo.
Ndinakufunsa, mtandawo ndi wako kapena wanga?
Paja wokagulitsa makina osokera ku Limbe ndinali ine.
Woima pamaso pa mwini nyumba ku Chitawira,
manja kumbuyo ngati mwana wakuba shuga, ndinali ine.
Tinasamukira ku Chilobwe pa ngolo yokankha,
matiresi pamwamba, anthu akuonerera.
Mwandida anakhala pakhomo teremu yathunthu
akuchapa yunifolomu yomwe sanavale.

Sunandiyankhe.
Unangotenga chidebe kukatunga madzi kumpopi,
mwamuna wamkulu pamzere wa amayi.

Ena amabwera ndi timapepala tokongola:
bwerani ku mapemphero a usiku, dzalani mbewu,
pofika Disembala mudzakhala mukuyendetsa yanu.
Iwe umawapatsa mpando, umawamvetsera mpaka amalize,
kenaka umati, mbewu imene ndikuidziwa ine
imayamba yaola kaye m'dothi
kopanda woiombera m'manja.

Ndakhala ndikukwiyira zaka ziwiri, Elifala,
mkwiyo wachete, wophikira limodzi ndi ndiwo.

Koma tamvera za lero.
Mayi wina wagula tomato pa benchi langa ku Zingwangwa,
waiwala kachikwama pakati pa anyezi.
Ndatsegula. Ndawerenga, sindinama, kawiri konse.
Lendi ya miyezi itatu, ndi fizi ya Mwandida pamwamba.
Palibe anaona.
Ndakhala nako pansi pa chitenje,
mtima ukugunda ngati nyundo yako,
ndikudziuza kuti mwina ndiye yankho lija lafika.
Ndiye miyendo yangayi, osandifunsa,
yathamanga mpaka pasiteji ya minibasi,
ndikukuwa ngati wamisala, mayi a duku lobiriwira!
Walandira, wati zikomo,
kondakitala wamenya chitseko, basi yapita.
Zikomo yekha basi.
Pobwerera ndapeza mbuzi yadya mulu umodzi wa tomato.

Ndaseka mpaka misozi.
Ndati, Elifala wandipatsira matenda ake.

Tsono bweretsa manjawo kuno.
Taona ming'alu iyi, fumbi la mwala lalowa mpaka m'kati,
chala ichi chikhadabo chinapita kalekale.
Ndikudzoze mafuta otsalawa.
Mphotho ija sindinaione, ndisakunamize,
ndipo mawa mwini nyumba abwera ndithu.
Kaya idzatipeza kuno ku Chilobwe,
kaya ndi kutsidya komwe amakawerenga maina,
limodzi ndi lija unakana kulemba,
izo adziwa Mwini wake.

Koma m'mamawa usanyamule chitseko.
Chisiye chilire.
Ndidzuke, tigwade pasimenti pozizirapa,
kenaka iwe utole nyundo,
ine nditole dengu.