Matumba Obiriwira

Mbiri ya maiko awiriwa ndinaiphunzira pakhonde ku Chibavi,
pansi pa makina a bambo anga, telala Luhanga,
ndikutola tizidutswa ta nsalu.

Kazembe woyamba anali wamtali, wachifuwa.
Anabwera mu Juni, chisanu chikuluma makutu,
kudzatsegulira mjigo.
Bambo anasoka timbendera makumi asanu,
tobiriwira, nyenyezi pakona,
ife ana asukulu tinatikupiza mpaka mikono kuwawa.
Mjigowo unalavula madzi masabata atatu.

Wachiwiri sanapondeko kuno.
Akuti nkhungu ya m'Chikangawa inamubweza.
Anatumiza kalaliki ndi katoni ya mabuku
a chilankhulo chosamveka kwa aliyense.
Tinakulungira zitumbuwa.

Wachitatu anali mayi.
Anapereka moni m'Chitumbuka chopindika,
anthu anaseka, nayenso anaseka,
nagula khofi, nkumapita.

Wachinayi ndiye anatigwetsa.
Kuboma anaitanitsa timbendera mazana atatu.
Bambo anakongola nsalu kumsika wa Taifa,
nachezera kupalasa makina pa kuwala kwa koloboyi.
Kutatsala masiku awiri wayilesi inalengeza ndi mawu osalala:
ubale watha,
kazembe alongedze dzuwa lisanalowe kawiri.
Chomwe anayambanirana sitinauzidwe.
Kalaliki wa kuboma anangoti
ndani angasainire ndalama ya mbendera ya anthu oti takangana nawo?

Bambo sanatukwane.
Analavula kaulusi, natenga sizasi.
Chaka chimenecho kabudula aliyense wasukulu
wochokera pakhonde lathu
anali ndi matumba obiriwira mkati,
nyenyezi ikugona limodzi ndi chimanga chokazinga
ndi zala zozizira za anyamata.

Papita zaka khumi ndi zinayi.
Dzana wayilesi yomwe ija yati agwirananso chanza kulikulu,
watsopano wapereka makalata ake,
afika kumpoto mvula ikakata.
Lero mthenga watsika pa njinga ya sakaramento
akufunsa telala Luhanga.
Ndamuuza kuti anagona ku Zolozolo,
makina ndi omwewo, phazi lokha ndilo langa.

Wati mazana atatu.
Ndati ndalama patsogolo.

Ndatsegula sutikesi ya malemu kufuna chitsanzo.
Katsala kamodzi, kokwinyika,
njenjete zinadya theka la nyenyezi.
Mthenga wakatembenuza uku ndi uku, wapukusa mutu:
akuti kwawoko anasintha mbendera kalekale.