Mafuta a M'chiwaya

Mwezi wa Juni, m'mamawa, pa Kapata,
ndimapeza mafuta adzulo atagwirana m'chiwaya,
oyera ngati kandulo.
Ndimawapala ndi supuni makala asanakolere.
Zaka zisanu ndi zinayi ndikupala,
osaganizapo kanthu.

Tikambenji wanga wakulira pansi pa tebulo ili.
Dzino lake loyamba linaluma tchipisi.
Akalira ndinkamutseka pakamwa
ndi chakumwa chofiira chija chosiya utoto palilime.
Akatopa, tenga foni, khala apo,
usapite kumsewu, njinga zingakugunde.
Mchere ndinkawaza ndi dzanja la chikondi,
dzanja losadziwa muyeso.
Amayi a tomato ankamutsina tsaya,
"Koma mwana uyu akudya bwino!"
Ine kumwetulira, ndudu pamlomo,
utsi ukutsikira pansi pa tebulo pomwepo.

Lamulungu lina tinakwera Kanjala.
Anzake a ku Mchini anabalalika
ngati mbuzi zomasulidwa m'khola,
iye anaima pamwala wachitatu
dzanja pachifuwa:
"Atate, muli ng'oma umu."
Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Kuchipatala anesi a Miti anafunafuna
lamba wamng'ono womanga pamkono.
Anapopa, anayang'ana manambala,
anamuuza apume, anapopanso.
Sanandikalipire.
Anangofunsa: amadya chiyani,
amagona nthawi yanji,
amasewera kuti,
ndani amasuta pakhomo?
Yankho lililonse linali ndi dzina langa.

"Musachite mantha," anatero akulemba pakhadi.
"Koma matenda amene amagwetsa akuluakulu
sabwera tsiku limodzi ngati mvula ya matalala.
Ena amanyamuka ulendo
mwini wake akuphunzira kumanga nsapato.
Mitsempha ya mwana ndi yofewa, imamva msanga,
zoipa ndi zabwino zomwe.
Mubwere naye mwezi ukatha."

M'mawa mwake supuni inanjenjemera m'manja.
Ndikudziwa, thupi si chiwaya,
magazi sagwirana ndi chisanu cha Juni,
koma ndinayang'ana zoyera zija nthawi yaitali
mpaka kasitomala anandidzutsa.

Tchipisi sindinasiye kugulitsa.
Lendi samva za mitsempha.
Ndudu zatsala ziwiri patsiku,
ndimakasutira kuseri kwa msika ngati wakuba,
ndipo Lachisanu lapitali zinali zinayi.

Tika anandikwiyira masiku atatu.
Mbatata yophika anaikankha,
madzi anawayang'ana ngati chilango.
Tsiku lachinayi anadya gwafa, njere ndi zonse,
nafunsa ngati lilipo lina.
Amake amathira mchere ndi nsonga za zala tsopano,
chibwabwa chotendera, nyemba,
ndipo foni imagona msanga kuposa ife.

Madzulo tikaweruka sitikwera njinga.
Timayenda, fumbi mpaka m'mawondo,
iye akuwerenga magalimoto opita ku Mwami.
Ndinadula chingwe chakale choyanikira zovala,
mbali imodzi pamtengo wa mango, inayo m'dzanja langa.
Sabata yoyamba analumpha kasanu n'kukhala pansi.
Dzulo tinafika makumi atatu ndi kamodzi,
phewa langa ndi limene linapempha kupuma.

Chondivuta ndi ana a eni ake.
Belu la sukulu likalira amabwera,
kakobiri kotentha m'chikhatho,
"Amalume, onjezani mchere!"
Ndimagwedeza botolo chala chili pachiboo,
iwo amaseka, akuganiza kuti ndathira.
Kaya ndi kuba, kaya n'chiyani.

Usiku akagona ndimagwada pamphasa
n'kuika khutu pachifuwa chake.
Sindine dokotala, sindidziwa chimene ndikumvera.
Kang'oma kaja kalipo,
kakulira pang'onopang'ono, kosathamangitsidwa,
du, du, du,
kali ndi ulendo wautali
umene ine sindidzauona pothera.

Khadi la anesi a Miti lili pansi pa wailesi.
Tipita Lachiwiri.