Tsitsi M'kati mwa Foni

Ndinalipeza Lachitatu, dzuwa la Okutobala likuliza malata,
pa benchi langa pafupi ndi depoti,
nditatsegula foni ya Che Imedi wa kabaza
imene inagwera m'ngalande kwa Mponda.
Pansi pa batire, pomwe sipafika chala cha munthu wamba,
tsitsi limodzi,
lakuda bii, lalitali, lowongoka ngati ulusi wa telala.
Si la kuno ili.
Lathu limapotana, silipita patali.

Ndinalikulunga m'kapepala
n'kuwoloka msewu kupita kwa Mayi Shufen,
ogulitsa zidebe, matochi ndi maloko,
amene ife timangoti Tchaina,
ngati anabadwira kuseri kwa kauntala.

Analiyang'ana nthawi yaitali.
Kenako anayala manja awo pa tebulo:
chala chamkombaphala chopindika,
chikhadabo chake chitafa kalekale.
"Ine," anatero, "zaka naini."

Chichewa chawo n'chokumbikakumbika ngati msewu wa ku Makanjira
koma chinafika.
Chipinda chimodzi, mabedi asanu ndi atatu,
osanjikizana ngati makreti a zakumwa.
Wa usiku akadzuka
wa masana amagwera pomwepo, pasanazizire.
Belu.
Kuimirira maola khumi ndi awiri,
lamba akuyenda, sadikira munthu:
sikuluu zinayi, kankha, sikuluu zinayi, kankha.
Ukalankhula, akudula malipiro.
Kuchimbudzi uyambe wapempha chikhadi,
ndipo chikhadicho n'chimodzi mzere wonse.
Dzuwa ankalionera pa kalendala.

Mwana anamusiya kumudzi akuyamwa.
Ankamuona kamodzi pa chaka
atayenda pa sitima masiku awiri choimirira.
Chaka chachitatu mwanayo anabisala kuseri kwa chitseko
n'kufunsa kuti mlendoyu apita liti.

Ndinasowa poika maso.
Ine amene tsiku lililonse ndimauza makasitomala
kuti zachitchaina sizichedwa kufa,
sindinafunsepo za amene amazipanga,
kuti iwowo amatha masiku angati.

Koma kumbuyo kwawo mlongo wanga Asiyatu
anali kupukuta fumbi pa mabeseni,
choimirira chiyambire m'mawa,
miyendo itatupa pansi pa chitenje.
Mwezi watha anamudula faifi sauzande
chifukwa cha tochi imene palibe anaiona ikutuluka.
Mayi Shufen anaona kumene maso anga anapita.
Sanagwetse nkhope. Anangopinda kapepala kaja
n'kundibwezera.
Kaya mkwapulo umene unakukwapula
ndiwo umaudziwa pogwira, kaya.
Ine sindine woweruza, ndine wa mafoni.

Mzikiti unaitana. Magetsi anathima.
Ndinakhala pa benchi, chitsulo chowotcherera chikuzirala m'manja.

Iwe mwini tsitsi,
linathothoka nthawi yanji?
Unali kusinza? Unakanda m'mutu kapitao atatembenuka?
Kapena unalisiya dala,
monga timalembera dzina pa simenti yaiwisi?
Linawoloka nyanja zamchere, linagona pa doko,
linakwera lole, linatsika mapiri mpaka ku Shire,
lafika kumene iwe sudzafika,
kuno kumene dzina lako silidziwika
ngakhale m'thumba lililonse muli thukuta lako.
Kodi mwana wako amakudziwa?
Kodi usiku zala zako zimagona,
kapena zimamangabe m'tulo?

Sindinalitaye.
Ndinaumitsa foni, ndinasintha kawaya,
n'kulibwezera pamalo pake, pansi pa batire.
Sikuluu zinayi.
Ndinazimanga pang'onopang'ono,
poti pano palibe belu.

Che Imedi anabwera, thukuta kamukamu,
nadandaula za mtengo monga mwa masiku onse,
naiyatsa, naimbira mkazi wake ku Namwera:
"Yachira, Abiti Ndembo, yachira!"
Anakwera njinga, foni m'thumba la pamtima,
osadziwa kuti wanyamula munthu wachiwiri
amene sanalipire ulendo.