Ukafuna Kumanzere, Kankhira Kumanja

Bambo Pugh, mwini maboti a ku Chirk,
anatiphunzitsa zonse m'mphindi khumi,
ndudu ili kukamwa, mvula ili waa:
"Ukafuna kumanzere, kankhira kumanja.
Boti lilibe mabuleki. Lachisanu likhale labwera."
Atate anagwedeza mutu ngati anabadwira m'madzi,
chonsecho moyo wawo wonse ankagulitsa nsapato.

Tisanayende n'komwe mamita zana
tinali titapsompsona kale mlatho woyamba.
Ketulo inauluka. Mazira khumi ndi awiri
anasanduka chinthu chimodzi pansi pa tebulo.
Amayi sanakalipe, anangoti,
"Emrys, mlathowu wakhala pano zaka mazana awiri,
sukanakupatukira lero."

Botilo linali lalitali ngati ulaliki wa Lamulungu,
lopanikiza kuposa khonde la sitolo yathu:
wina akafuna kudutsa, mnzake abweze mimba.
Dzina lake Blodwen, pakati pa maluwa a penti.
Usiku denga linkadontha pamalo amodzi okha,
pamphuno pa mlongo wanga Ifor.

Lachiwiri, pa zitseko zamadzi za ku New Marton,
anandipatsa ine chitsulo chopukusira,
chokhacho chimene tinali nacho.
Ndinali wazaka zisanu ndi zinayi, zala zili noninoni ndi batala.
Chubwi!
Tonse tinasuzumira m'madzi akudawo,
maboti asanu atandanda kumbuyo kwathu,
mpaka mayi wina wa boti la malasha
anaponya maginito womangirira kuchingwe, n'kuvuula
supuni, makiyi a munthu wina, belu la njinga,
kenako chitsulo chathu.
Belu lija Ifor analiliza mpaka Lachisanu.

Lachitatu tinatitimira m'matope chakufupi ndi Ellesmere,
ng'ombe zikutiyang'ana, zikubzikula.
Atate anatenga mponda, n'kukankha ndi mtima wonse.
Boti linachoka. Mponda unatsala.
Iwo anasankha kutsala ndi mponda.
Anatilondola m'mbali mwa ngalande, ali chonyowa,
nsapato zawo zodula, za m'sitolo yawo yomwe,
zikulavula madzi pa phazi lililonse,
amayi ali pa chiwongolero, akuseka mpaka misozi,
boti likuyenda mowongoka koyamba sabata yonseyo.

Koma Lachinayi, dzuwa litapendeka,
tinawoloka chigwa chamumlengalenga,
madzi atasenzedwa ndi zipilala zamiyala,
mtsinje wa Dee uli kutali pansi ngati ulusi,
akhwangwala akuuluka kunsi kwa mapazi athu.
Mbali imodzi kunalibe mpanda,
kamlomo kachitsulo basi, kenako mphepo.
Palibe anayankhula. Ngakhale belu linakhala chete.
Atate sanagunde kanthu.
Dzanja lawo lina linali paphewa panga, likunjenjemera,
lina lili phee pa chiwongolero.

Tinapitanso zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana.
Bambo Pugh akationa pageti
ankayamba awerenga mbale ndi makapu.

Lero atate ali kunyumba yosungirako okalamba ku Wrexham.
Dzina langa linawapulumuka ngati chitsulo chija.
Ndaponya chingwe kambirimbiri;
chimabwera ndi supuni, ndi makiyi a anthu ena,
ndi mitengo ya nsapato za ana za kalekale.
Amanditchula kuti nesi. Ndimavomera.

Sabata yatha ndinkawakankha pa njinga yawo m'khonde.
Pofika pokhotera kumunda wamaluwa, kumanzere,
dzanja lawo linadzuka lokha pabulangete
n'kukankha mpweya kumanja, mofatsa,
monga anachitira tsiku lija pamwamba pa chigwa.
"Pang'onopang'ono, mtsikana iwe," anatero,
"lilibe mabuleki."

Tinagundabe chitseko.
Mayi wogawa tiyi anataya makapu awiri,
ndipo atate anaseka, anaseka,
akucheuka kufunafuna amayi.