Katundu wa pa Chitakale

Loweruka la malipiro
ndinagula zitatu pa lona la bambo wa chipewa chofiira:
ludo wa pepala, mikanda m'kathumba,
ndi kabotolo ka pafyumu ka zilembo zagolide.
Zonse pamodzi, mtengo wa sopo awiri.

Chiperoni anatsika m'phiri n'kutitsekera m'nyumba.
Pempho atatambasula ludo pamkeka,
dayisi mulibe.
Tinasema wathu pa chitsononkho,
madontho ake a makala.
Amagwera pa sikisi
akaponya Pempho yekha.
Sindinafunse.

Ulusi wa mikanda unaduka katatu.
Ndaziona anasolola wina pa thumba la feteleza
n'kumatunga, lilime panja:
wofiira, woyera, wofiira,
kenaka njere youma ya papaya
poti yoyera yotsalayo
nkhuku inali itatola kale.

Pafyumu ndinamusungira kumapeto.
Kopoperako kanayamba kakana,
kenaka kanandilavulira m'khosi
fungo la switi wosakaniza ndi sipiriti wa kuchipatala.
Galu anayetsemula n'kusankha mvula.
Ana anaseka mpaka kugwirira nthiti.

Madzi asanawire n'komwe pa mbaula
fungo lija linali litatsanzika.
Ndaziona ananunkhiza dzanja langa:
"Amayi, mwabwerako.
Mukumvekanso masamba a tiyi."

Lolemba ndili mu mzere, dengu kumsana,
mame mpaka m'chiuno,
njere ya papaya ikundikanda pakhosi.
Mnzanga Nasibeko akuti, "Koma nde mwatchena!
Mwagula kuti?"

Ndikuthothola nsonga ziwiri ndi kamphukira.
"Nzodula izi, asisi.
Pa Chitakale simungazipeze."