Bowo Lachinayi pa Lamba wa Anselmo

Zaka makumi atatu ndakhala ndikukulitsa mathalauza ako,
kumasula msoko, kuika kansalu kumbuyo
komwe maso ako safika.
Sunadziwepo.
Unkangoti nsalu za kuno ku Puebla n'zaulemu,
zimakula pamodzi ndi mwiniwake.

Lero ndatenga choko
ndipo mzere, kwa nthawi yoyamba, ukulowera m'kati.

Kapiritsi koyera, metifomini,
kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, pakati pa chakudya,
monga analamulira Dokotala Barragán
tsiku lija anawerenga pepala la magazi ako n'kuvula magalasi.
Munthu wophika mabanzi otsekemera,
shuga wakulondola kuchoka pa thireyi mpaka m'mitsempha.

Masabata oyamba anali oipa, tisanamizane.
Unkasiya uvuni uli chitsegulire,
epuloni m'manja, liwiro la kuchimbudzi.
Unkati m'kamwa mukumveka ngati wanyambita ndalama yachitsulo.
Kawiri konse unafuna kuponya botolo m'ngalande,
ine n'kulibisa m'chitini cha mabatani
n'kumakupatsira m'dzanja ngati mwana.

Kenako m'mimba munakhala bata.
Chinachoka mwakachetechete ndi china:
dzanja lija linkapita lokha pa banzi lotentha,
lachiwiri, lachitatu, dzuwa lisanatuluke,
linayamba kuiwala njira.
Matotiya asanu ndi awiri anasanduka atatu.
Nyemba zinayamba kubwerera kukhitchini.
Ndinakwiya, ndikuvomera.
Ndinkaganiza kuti pali wina akukuphikira,
ndinanunkhiza malaya ako usiku wina,
ndinangopezamo ufa wa tirigu ndi thukuta.

Sikelo ya kuchipatala sinachite zozizwitsa.
Makilo anayi pa miyezi isanu ndi itatu, basi.
Dokotala anati ena satsika n'komwe,
anati piritsi langokutsegulira chitseko,
yotuluka ndi miyendo yako.
Ndiye masiku ano umaisiya basi idutse,
umayenda pansi kudzera pamsika wa maluwa,
ukung'ung'udza njira yonse,
dzanja limodzi litagwira m'chiuno kuti thalauza lisakuchititse manyazi.

Dzulo kunabwera a Leocadia a pakhomo lachitatu,
diresi lobiriwira lili m'pepala,
ukwati wa mwana wawo watsala masabata asanu.
Anatsitsa mawu:
«Amuna anu aja akuoneka bwinotu.
Tandigawirenikoni khumi okha, zipi sikutseka.»
Ndinati siyani diresilo, muli nsalu yambiri m'misoko.
Botolo lija linalembedwa dzina la munthu mmodzi,
ndipo analipeza ndi magazi ake.
Anachoka osatsanzika. Diresi analisiya.

Chimene sindinakuuze ndi ichi.
Bambo anga nawonso anaonda.
Kunalibe piritsi, kunalibe pepala,
ankangomwa madzi ndowa yathunthu, lilime lili gwa,
wotchi ikutsetserekera kuchigongono,
anansi n'kumawayamikira kuti apepuka ngati mnyamata.
Tinawaika m'manda atavala jekete la mng'ono wawo.
Kuonda kulipo kuwiri, Anselmo,
ndipo tepi yanga siisiyanitsa.

N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndimaima pambuyo pako
ukamabaya chala,
kadontho kofiira pa kapepala,
kamakina kakuganiza masekondi ake asanu.
Sindipuma mpaka nambala ituluke.
Iwe umati ndakutchingira kuwala.

Tsono bwera kuno, vula lamba.
Mabowo atatu akale atambasuka ngati kamwa zoyasamula,
loyamba lija linatsala pang'ono kung'ambika.
Ndawotcha msomali pa chitofu.
Gwira uku.
Kafungo ka chikopa chopserera kadzaza m'nyumba,
bowo latsopano n'laling'ono, lozungulira bwino,
ndipo ukuseka ngati wapambana lotale.

Thalauza ndilisoka usiku uno.
Nsalu yotsalayo sindidula ayi.
Ndiipindira m'kati, ndiisite bwinobwino,
igone pamenepo.
Ndakhala nawe nthawi yaitali,
ndipo Disembala akubwera ndi mabanzi ake.